A Refa Analibe Loweruka la Pakhomo

Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula kuti a Refa, ngakhale ntchito imene inkawadyetsa inali yometa. Kachipinda kawo kometera kanali ndi mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi la odikira limene mwendo wake umodzi unali njerwa. Pakhonde pa kachipindako mpamene akazi awo ankakhala ndi makina osokera, ndipo iwowo aliyense ankangoti a Telala. Anakhala choncho kuyambira atangokwatirana: mwamuna mkati akumeta uku akuimba, mkazi panja akupalasa makina uku akudandaula za phokoso.

Kuimba ankaimbadi. Anali ndi mawu a besi, aja ogwedeza mawindo, ndipo mu kwaya ya kutchalitchi kwawo ankaima kumbuyo kwenikweni kuti asamize anzawo. Loweruka masana ankatseka kachipindako, n'kuvala kabudula wakuda, n'kupita kukaimbira mpira wa matimu a m'deralo pabwalo lafumbi la kuseri kwa sukulu. Malipiro ake anali kutukwanidwa, koma ankabwerako akuseka.

Ana awo awiri adakali ku pulayimale, mawu aja anayamba kusasa. A Refa anati ndi chimfine. Chimfinecho chitakhalitsa anati ndi fumbi. Anamwa madzi otentha a mandimu mpaka mano kuchita dzanzi, koma mawu ankangotherabe, ndipo chakudya chinayamba kukakamira pakhosi. A Telala analankhula, anapempha, anakalipa, osaphula kanthu. Tsiku lina anafika m'mamawa, anakhoma loko wawo pachitseko cha kachipindako, kiyi n'kuponya m'thumba la diresi.

"Mayi, makasitomala akudikira," anatero a Refa.

"Adikire. Tsitsi silithawa. Inuyo lero mukaonana ndi dokotala, apo ayi anthu anuwo muziwametera pansi pa mtengo."

Anapita, akung'ung'udza njira yonse. Atawayeza ndi kuwayezanso, adokotala anawaitana onse awiri n'kuwauza kuti pakhosi pali chotupa, ndipo chotupacho ndi khansa. Anawonjezera kuti akanabwera msanga ntchito ikanachepa. A Telala anayang'ana amuna awo. Amuna awowo anayang'ana kudenga.

Miyezi yotsatirayo a Telala sankakonda kuikamba. Panali opaleshoni, kenako kuwotcha ndi makina mpaka khungu la pakhosi linada ngati kunja kwa poto. Malovu anauma. A Refa anaonda mpaka mphete inkapulumuka pachala. Chakudya chilichonse a Telala ankachisinja n'kuchisefa, n'kumawamwetsa ndi supuni yaing'ono, ndipo nthawi zambiri chinkabwerera m'beseni iwo asanatsuke n'komwe supuniyo. Achimwene awo a Refa anabwera kudzazonda, anakhala pang'ono ndi wodwala, kenako anapita kukazungulirazungulira pampando wometera uja, akufunsa ngati ndi wolimba. A Telala anawapatsa madzi akumwa, n'kuwauza kuti basi yomaliza ikunyamuka.

Koma a Refa sanafe. Anthu ambiri amene anagona nawo m'wodimo anatuluka ataphimbidwa, iwo anatuluka akuyenda okha. Chimene chinatsala kuchipatalako ndi mawu. Besi yonse ija inasanduka kanong'onong'o kokwekweza, koti womvera ankayenera kupendeketsa khutu. Adokotala anawalangiza kuti azipewa fumbi, asamakakamize pakhosi, azipuma mokwanira. A Telala anamva mawu amenewo ngati nyimbo. Mumtima anati tsopano mwamuna ndamupeza, azikhala pakhomo.

Lamulungu loyamba atapezako mphamvu, a Refa anavala yunifolomu ya kwaya, imene tsopano inkangolendewera, n'kukaima malo awo akale kumbuyo. Nyimbo itayamba anatsegula pakamwa limodzi ndi anzawo, mitsempha ya pakhosi kuchita kutuluka, koma osamveka kanthu. Ana anayamba kugwirana n'kumaseka. A Telala anazyolika mpaka mapemphero kutha.

"Bambo, mukudzichititsiranji manyazi?" anawafunsa panjira. "Mukuimba chiyani mulibe mawu?"

"Amene ndikumuimbirayo makutu ake ndi abwino," ananong'ona a Refa.

"Nanga ife a makutu wamba tizitani?"

"Muzimvera a soprano."

Sanachokemo mu kwayamo. Anaimamo zaka zoposa makumi awiri, osaphonya ngakhale maphunziro a nyimbo a pakati pa sabata, ndipo oimba atsopano ankaphunzira polowera poyang'ana milomo yawo.

Za fumbi zija anazisunga kwa nyengo imodzi yokha ya mpira. Loweruka lina a Telala anapeza kabudula wakuda uja ali pachingwe, wochapidwa, ndipo sanachape ndi iwo.

"Adokotala anati chiyani za fumbi?"

"Anati ndizipewa. Ndizikaima mbali yochokera mphepo."

"Refa amaima malo amodzi?"

A Refa anangomwetulira, anatenga botolo la madzi limene ankayenda nalo paliponse chifukwa cha kuuma kwa m'kamwa, n'kutuluka. Pabwalo mawu sankawafuna kwenikweni. Anali ndi wezulo, anali ndi manja, ndipo wosewera akachita mwano ankamukodola, n'kumunong'oneza kukhutu. Anyamata ankati bola refa wokalipa, chifukwa kunong'onezedwa pamaso pa anthu kunkapweteka kuposa kadi.

Kenako panabwera za Lachitatu. Atapita kukayezedwa monga mwa nthawi zonse, anaona bambo wina pabedi atadziphimba kumutu ndi thaulo, tsitsi likuthothoka mwa apo ndi apo chifukwa cha mankhwala. Sabata yotsatira a Refa anatenga makina ometera, lumo ndi nsalu, n'kupita kuwodi ya amuna. Anameta bamboyo mpala, anameta wa pabedi lina, kenako wodi yonse inafola. Akamaliza kumeta ankamasula kolala, n'kuwaonetsa chipsera cha pakhosi, n'kuwanong'oneza kuti nawonso anagona pabedi la pawindo lija. Wofuna pemphero ankamupempherera, wosafuna ankangomufunsa timu imene amachemerera.

Kuyambira pamenepo Lachitatu kachipinda kanali kotseka, ndipo amene ankayankha makasitomala anali a Telala.

"A Refa alipo?"

"Mukuwaona?"

"Abwera nthawi yanji?"

"Kafunseni odwala."

Sizinathere pometa. Madzulo ena a Refa ankatulukira pakhomo ali ndi anthu achilendo kumbuyo, abale a odwala ochokera kutali amene analibe kogona. Ankawayalira pabalaza, pakati pa nsalu za makasitomala. Mayi wina wotopa anafunda nsalu yoyera ya diresi la ukwati, imene a Telala anali atadula kale, n'kugona nayo mpaka kucha. A Telala anaichapa, anaisita, koma banga la mafuta a m'mutu linakana. Mwini diresi analankhula mawu amene msewu wonse unamva. A Refa anapepesa kwambiri, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi alendo ena.

Chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri a Telala chinali chakuti panalibe wowadandaulira. Akayamba kuuza amayi anzawo, onse ankayankha chimodzimodzi: "Mayi, muzithokoza. Amuna athu ali kumowa, anu ali kuchipatala kuthandiza anthu." Ndiye ankangotseka pakamwa. Munthu angadandaule bwanji kuti mwamuna wake ndi wabwino mopitirira? Koma iwo ankadziwa kuti timawu tochepa timene a Refa ankadzuka nato tinkathera kunja, kwa odwala, kwa osewera, kwa makasitomala. Pofika kunyumba pakhosi pankakhala patatseka, ndipo ankangolozaloza: mchere, madzi, wailesi.

Ukwati wa mwana wawo wamkazi unachitika Loweruka. A Telala anawalumbiritsa kutatsala mwezi wathunthu kuti tsiku limenelo sapita kumpira, ndipo a Refa analumbira dzanja lili pachifuwa. M'mawa kutchalitchi anamuperekeza mwana bwinobwino, atavala suti imene akazi awo anawasokera. Masana kuholo, nthawi yojambula zithunzi za banja itakwana, mpando wa bambo unapezeka uli wokha. Anafufuza kuchimbudzi, anafufuza panja. Kamtsikana kena n'kunena kuti kawaona akukwera njinga ya mphunzitsi wa masewera. Refa wa mpira wa ana a sukulu anali asanafike, ndipo ana anali atadikira kuyambira m'mawa.

Anabwerera anthu akudula keke, suti itayera ndi fumbi mpaka m'mawondo, wezulo akusuzumira m'thumba la jekete. Mkwatibwi analira, kenako anaseka, n'kuwakumbatira. A Telala sanaseke. Chithunzi cha tsiku limenelo chilipo pabalaza, ndipo pambali pawo paima amalume a mkwati, amene wojambula anangowakoka kuti atseke mpata.

Chaka china anawamenya. Anapereka penate kwa timu yobwera, mpira uli pafupi kutha, ndipo sapota wina, mnyamata wonyamula katundu pamsika, analumpha chingwe n'kuwamenya chibakera pakamwa. Anabwera nawo kunyumba mlomo utatupa, dzino limodzi likugwedera. A Telala akuwathowa ndi madzi ofunda, mumtima munali kachimwemwe kochititsa manyazi: tsopano asiya. Loweruka lotsatira anapitanso, mlomo udakali wotupa.

Patapita masabata angapo, mnyamata uja anabwera kudzametetsa, mayi ake atamukankha. Anakhala pampando. A Telala anasiya kusoka n'kumaonerera pazenera. A Refa anamumanga nsalu m'khosi, anamumeta bwino, anamupaka sopo kumasaya, anatenga lumo n'kuliika pansi pa chibwano, kenako anawerama n'kunong'ona: "Inali penate." Mnyamatayo anavomera mofulumira kuti inalidi penate. Pambuyo pake a Refa anamuphunzitsa kunyamula mbendera ya m'mbali mwa bwalo.

"Ine ndikanamudula khutu," anatero a Telala.

"N'chifukwa chake lumo ndimasunga ndine."

Tsiku limodzi lokha mpamene a Telala anakhuthula zonse. Ana anali atakula n'kuchoka, m'nyumba atatsala awiriwiri. Linali Loweruka, ndipo iwo anadzuka mutu ukuwawa, thupi likutentha. A Refa anawapangira tiyi, anawaikira mankhwala pampando, kenako anayamba kumanga zingwe za nsapato za mpira.

"Mukupita?"

"Ndibwera msanga, Mayi."

"Khalani pansi." Anadzuka n'kutsamira khoma. "Ine ndinakuseferani chakudya, ndinakutayirani beseni, ndinakusambitsani ngati khanda. Ndinkachita zonsezo kuti mudzakhale a ndani? A mpira? A kwaya? A wodi? Aliyense ali ndi tsiku lake kwa inu. Langa ndi liti?"

A Refa anasiya chingwe cha nsapato. "Pabedi paja ndinalonjeza," ananong'ona. "Ndinati Ambuye, mukandidzutsa, masiku otsalawo si anganso."

"Munalonjeza nokha. Ine munandifunsa? Masiku anuwo munalibe anga?"

A Refa anawerama. Anavula nsapato, anapita kukhitchini, anatsuka mbale zonse, ngakhale zoyera kale. Anakhala pakhomo tsiku limenelo, koma khutu lili kubwalo, ndipo phokoso la ochemerera likamveka ankatembenuka ngati wina wawaitana. Pofika madzulo a Telala anatopa nako kuwaona akuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. A Refa anawalonjeza kuti nyengo ya mpira imeneyo ikatha apuma. Nyengoyo inatha, ina n'kuyamba. Miyendo itayamba kulemera anasiya mpira wa akuluakulu n'kumaimbira wa ana, ndipo uko ndiko ankati kupuma.

Khansa sinabwererenso. Chaka chilichonse ankapita kukayezedwa, n'kubwerako ndi nkhani yabwino, mpaka madokotala achinyamata ankabwera kudzangowaona munthu amene akuluakulu awo ankamukamba. Chimene chinawatenga chinali chibayo. Anaimbira mpira wa ana pamvula, chifukwa anati ana abwera kale, n'kufika kunyumba atanyoweratu. Chifuwa chinayamba Lamulungu.

"Tiyeni kuchipatala."

"Ndipitako Lachitatu."

"Lachitatu mumapita kukameta. Ine ndikunena kukaonedwa."

"Ndi chimfine, Mayi."

A Telala anawakumbukira mawu amenewo. Anakalipa, anaitana mwana wawo wamkazi pafoni, naye anakalipa, koma a Refa anati sakufuna kukatenga bedi la munthu wodwala zenizeni. Lachitatu anapitadi, koma atanyamulidwa pagalimoto ya oyandikana nawo nyumba, akupuma mobanika. Anamwino amene ankawadziwa kwa zaka zambiri anathamanga nawo, anawaika mpweya, anayesa zonse. Adokotala anati akanabwera msanga. A Telala anatuluka panja osadikira kuti amalize chiganizocho. A Refa anamwalira sabata isanathe, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja, akazi awo akuwanyowetsa milomo ndi thonje.

Maliro ake anthu anachuluka mpaka msewu unatsekeka. Kunabwera matimu atavala majezi, kunabwera kwaya, kunabwera anamwino, kunabweranso anthu ambirimbiri amene a Telala anali asanawaonepo. Mayi wina wachilendo analira kuposa iwo, akufotokoza kuti a Refa anakhala ndi amuna ake masana onse a tsiku lomaliza la bamboyo, akuwasimbira nkhani za iwo eni: za ubwana wawo, za mmene anathawira sukulu kukaonera mpira, za mantha amene anali nawo usiku woti mawa opaleshoni. A Telala anamvetsera zonse. Za manthawo iwo anali asanauzidwepo.

Abusa analalikira mwamphamvu. "Munthu uyu anagonjetsa khansa ndi chikhulupiriro chokha!" Anthu anati ameni. A Telala sanati ameni. Nawonso anali munthu wopemphera, ndipo sankakayika kuti Mulungu ndiye anadzutsa amuna awo, koma mawu akuti chokha anawabaya. Nanga dokotala amene anaima maola ambiri akudula chotupa? Nanga namwino wamfupi uja amene ankawatembenuza pabedi? Nanga sefa, nanga beseni? Atatha abusa anaimirira wapampando wa komiti ya mpira, n'kulengeza kuti akhazikitsa chikho chokumbukira a Refa, chaka chino chomwe. Anthu anaomba m'manja. Chikhocho mpaka lero sichinaoneke, ndipo wapampandoyo akaona a Telala pamsika amalowa msewu wina.

Kachipinda kometera anakabwereketsa kwa wometa wina, munthu waulemu koma wokonda wailesi yaphokoso. Kuwodi kuja kunapita anthu a kutchalitchi kangapo, kenako anayamba kupatsana zifukwa. Mwana wawo wamkazi ankabwera pafupipafupi, ndipo tsiku lina akupinda zovala za malemu anafunsa:

"Amayi, mukadali okwiya ndi ababa?"

"Kwambiri."

"Koma munkawakonda."

"Iwe, pinda malayawo bwino. Kolala sapinda choncho."

Loweruka ndilo linkawavuta. Zaka zonse zija ankalakalaka Loweruka labata, ndipo litabwera sanadziwe chochita nalo. Masana ena phokoso la kubwalo litayamba, anatseka makina, anatenga ambulera, n'kuyenda mpaka kuseri kwa sukulu. Chikwatiwireni anali asanapondepo pabwalo limenelo. Analiona laling'ono kuposa mmene ankaganizira, lopendekera mbali imodzi, magolo ake opanda ukonde. Mkulu wina wogulitsa madzi anawazindikira, anathamanga n'kuwabweretsera mpando.

"Mayi athu! A Refa akanakhalapo akanasangalala bwanji kukuonani kuno."

"Akanakhalapo sindikanabwera. Akusewera ndani?"

Mkuluyo anawafotokozera, koma iwo sanagwirepo kanthu. Anaonerera. Mpira unkangotuluka kunja, wina n'kukautola kutchire, kuuponya, n'kutulukanso. Refa watsopano, mnyamata wonenepa, ankangoyendayenda pakati pa bwalo, akuimba wezulo zinthu zitachitika kale. Mphepo inanyamula fumbi n'kuwamwaza m'maso ndi m'kamwa. Palibe anagoletsa. Kumbuyo kwawo bambo wina ankatukwana refayo pamodzi ndi makolo ake.

"Zimakhala chonchi nthawi zonse?" anafunsa a Telala.

"Lero ndiye zilikonso bwino, Mayi."

"Zaka zonsezi, zinali zimenezi?"

Mkuluyo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. A Telala anakhalabe pang'ono, akuyang'ana bwalolo kuchokera kugolo lina kufika ku linzake, ngati akufunafuna pamene panali chokoma chake. Sanachipeze. Wezulo wopumulira atalira anaimirira, anabweza mpando, anasasa diresi.

Pakhonde anapeza kasitomala atakhala pa sitepe, nkhope itakwinyika. Anati thalauza lake analonjezedwa dzulo.

"Ndinatuluka pang'ono," anatero a Telala. Anavundukula makina, anafunafuna ulusi wakuda m'kabati, n'kumuuza kuti aime mowongoka ayezenso m'chiuno.